Wotchi Anandipatsa, Kiyi Anapita Naye

Loweruka lapitali ndinakhumudwitsa munthu wamkulu m'nyumba mwanga momwe, ndipo ndinatero ndikuyesa kuti ndikumuthandiza. Mpaka lero mtima sunakhale pansi, ndiye mundilole ndikuuzeni.

Munthuyo ndi a Muleso. Amene mumayenda cha kuno kwa Chonde mwina munamvapo za mkulu wina amene nyumba yake inkangolira kuti ke-ke-ke ngati mwadzaza nkhululu. Ndi omwewo. Anagwira ntchito ya m'nyumba kwa mabwana a ku esiteti ya tiyi mpaka imvi mbuu. Pa ntchito zawo zonse ankanyadira imodzi: Loweruka lililonse m'mawa ankazungulira zipinda ndi kiyi, kuwayinda mawotchi. Mabwana aja atayamba kugula a mabatire, akalewo ankangoponyedwa kosungira makasu. A Muleso ankawatola. Bwana akamabwerera kwawo, antchito ena ankapempha jekete kapena nsapato. Iwo ankapempha wotchi.

Anafika nawo khumi ndi awiri.

Ndipo si mawotchi a maluwamaluwa ayi. Iwo ankakonda aja osalala, a makona anayi, a thabwa lofiirira ndi chitsulo chonyezimira, opanda ndi manambala omwe, timizere basi. Tsiku lina, mwa matama anga a uphunzitsi, ndinawafunsa kuti munthu amene sanapondeko kusukulu amawerenga bwanji wotchi yopanda manambala.

"Aphunzitsi," anatero, "nanga dzuwa lili ndi manambala ngati?"



Tinkawaseka, ine ndemwe. Tinkati munthu wa mawotchi khumi ndi awiri, koma kutchalitchi amalowa ulaliki uli pakati. Iwo ankaseka nafe, n'kunena kuti yawachedwetsa ndi ya kuchipinda, ya pabalaza inalondola.

Chaka chatha akazi awo anatisiya. A Muleso anali mkamwini m'mudzi muno zaka zoposa makumi anayi, ndipo Mulungu sanawapatse mwana. Mwambo mukuudziwa. Maliro atatha, tsitsi litametedwa, akuchikazi anawasudzula bwinobwino, popanda phokoso. Palibe anawathamangitsa, komanso palibe anati khalani. Kwawo kwenikweni ndi kutsidya kwa malire a Muloza, kumene masiku ano kukulira mfuti. Choncho anakatsamira kwa mwana wa mlongo wawo ku Nkando, m'kachipinda koti ukayala mphasa chitseko sichitseguka bwino. Mawotchi khumi ndi awiri akanalowa pati?

Sanagulitse ngakhale imodzi. Anachita zimene timachita ndi nkhuku kapena mbuzi tikasowa khola: kuikiza kwa anzathu. Ina anakaisiya kwa akatekisiti, ina kwa telala wa pamsika, ina kwa mayi wina wophika mandasi. Yanga anabwera nayo ataikulunga m'chitenje cha malemu. Anakhoma okha msomali, n'kuipachika, n'kuiwayinda, n'kutchera mivi pomvera nthawi pa wailesi yanga. Kenako kiyi anamuponya m'thumba la jekete, momwe amasungamo khadi la chipani.

"Imeneyitu imadya kamodzi pa mlungu," anandiuza. "Ikadya Loweruka, ifika Loweruka."

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse m'mawa timamva njinga yawo ikulira pakhomo. Amalowa, kuvula chipewa, kutsegula galasi la wotchi, kuwayinda, kupukuta fumbi ndi mpango, kenako kukhala pansi kumwa tiyi. Akachoka pano amalowera kwa akatekisiti, kwa telala, mpaka nyumba zonse zitatha.

Ndinene zoona. Ndinkawamvera chisoni, nkhalamba kupalasa njinga kuchokera ku Nkando chifukwa cha kachitsulo kochepa ngati chala. Komanso ndinkatopa nawo. Tiyi wa a Muleso satha msanga, pomwe ine makope a ana ali mulu patebulo kudikira cholembera chofiira. Ndiye mlungu wina mvula ya kuphiri kuno inawatsekereza, wotchi n'kuima, ine Lolemba n'kufika kusukulu belu litalira kale.

Ndinati basi. Lachitatu la mlungu wathawu, popita ku Boma pa za kusukulu, ndinanyamula wotchi ija mpaka kwa wokonza mawotchi wa pakhonde la sitolo ina. Anavundula kachitini kake n'kundipezera kiyi wolowa bwinobwino. Lachisanu ndinaiwayinda ndekha mpaka kulimba, ndikudzitama mumtima kuti mavuto a mkulu uja ndawathetsa.

Loweruka njinga inalira pakhomo monga mwa masiku onse. Analowa, anavula chipewa, anatsegula galasi, analowetsa kiyi wawo. Kiyi osazungulira. Anayesanso, pang'onopang'ono, kenako anatembenuka.

"Yadya kale iyi."

"Eya, bambo," ndinayankha monyadira. "Ndapeza kiyi wanga ku Boma. Musamavutikenso ndi mtunda wonsewu."

Anatulutsa kiyi wawo uja. Kenako anatseka galasi lija mosamala.

"Oho. Mwachita bwino, aphunzitsi. Zikomo."

Tiyi anakana. Anati afulumira. A Muleso, kufulumira! Anavala chipewa ali m'nyumba momwemo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, n'kutuluka. Njinga sanaikwere, anangoikankha.

Akazi anga, amene anali ataima pakhomo ndi makapu awiri, anawaika pansi mwamphamvu.

"Bambo ake Esinati, sukulu yonse ija munangopitira mayeso eti? Inu mukuyesa amabwerera wotchi?"

"Nanga amabwerera chiyani?"

"Munthu wosudzulidwa, wopanda ndi mwana yemwe m'mudzi muno, akamangobwerabwera anthu ati chiyani? Ati akufuna munda, kapena waona mkazi wina. Koma wobwera ndi kiyi wabwera ku ntchito, palibe angamufunse kuti mwadzatani. Simuona kuti akamaliza nyumba zonse amakakhala pansi pa mpeyala uja anabzala ndi malemu? Inu lero mwawasudzula kachiwiri."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo akundiwawabe.

Anzanga, kodi si mmene timachitira ndi okalamba athu? Timawalanda ntchito n'kumati tikuwalemekeza. Bambo ikani khasu, mupume. Mayi musasankhe nyemba, maso angakupwetekeni. Tikatero timayenda modzikweza kuti ndife ana abwino, osadziwa kuti kantchito kaja ndi kamene kankawadzutsa m'mawa. Munthu akaona kuti pakhomo palibe chimene chingaime iye atapanda kubwera, amayamba kufota tikumuona, ife n'kumati ndi ukalamba.

Taonani mawotchi amene tikuthamangira masiku ano, aja abwera ndi anyamata ochokera ku migodi, a ku Theba. Ndi abwino ndithu, sanama nthawi, ndipo inenso ndimawasirira. Ukaikamo batire waiwala. Safuna dzanja la munthu, safuna Loweruka, safuna tiyi. Timati chitukuko, ndipo sindikukana. Koma akulu anati kuthamanga sikufika. Ine ndinathamangira kiyi, n'kufika pothamangitsa mlendo.

Za chikamwini sindikuti tizitaye. Mwambowu uli ndi nzeru zake, umasunga munda m'manja mwa ana ndi amayi awo. Koma tiyeni tifunsane. Munthu walima m'mudzi mwanu zaka makumi anayi, wakumba nawo manda a abale anu, wafolera nawo nyumba zanu. Kodi n'zoona kuti mkazi wake akatsogola, iyeyo azichita kufuna chifukwa choti apondere pakhomo panu? A Muleso anachenjera, anadzisungira kiyi. Nanga akamwini ena okalamba, amene anachoka ndi kachikwama ndi mphasa basi, amabwera ndi chiyani?

Ndikulemba izi ndikudziwa kuti inenso ndine mkamwini. Nyumba ndikukhalayi ili pa dothi la akuchikazi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ine ndilibe ngakhale wotchi imodzi yoti ndidzaikize.

Kiyi wa ku Boma uja ndinamupereka kwa akazi anga. Anangolunjika naye kuchimbudzi cha kuseri, n'kubwerako chimanjamanja. Ndiye Lachiwiri ndinatuma mawu kudzera kwa telala, amene amapita ku Nkando tsiku la msika, kuti akauze a Muleso kuti kiyi wa aphunzitsi watayika, ndipo wotchi ilibe woidyetsa. Si bodza. Watayikadi, ndipo kumene ali sindingamutsatire.

Telala anabwerako dzulo. Akuti mkuluyo anamvetsera, anagwedeza mutu, osanena kuti inde kapena ayi.

Lero ndi Lachisanu. Ndayerekeza ndi wailesi m'mawa uno, wotchi yayamba kutsalira, ndipo kulira kwake kwayamba kufooka. Ikapanda kudya mawa, iima. Makope a ana ndachongeratu onse, masamba a tiyi ndagula, makapu awiri atsukidwa, chitseko ndichisiya chotsegula.

Inu mukuti njinga ija ilira?