Maenje a Germano ndi Belu la Mishoni

Mukafika pa sukulu ya Santa Rita, chakumtunda kwa msika wa Mongue, muziyenda mukuyang'ana pansi. Pali maenje. Ena ndi zimbudzi tsopano, ena munamera mibawa, koma onse anakumba ndi munthu mmodzi, a Germano, amene akhala akusaka belu lawo chibwerere kuchokera ku Malawi.

Sukuluyi anaiyambitsa ndi apadiri nthawi ya Apwitikizi: zipinda ziwiri zofolera udzu ndi belu lamkuwa lomveka mpaka kumadimba. Woliza anali Germano, ndevu zikungoyamba kumera. Boma litatenga masukulu a mishoni, apadiri anachoka, mtanda unatsitsidwa, koma belu linatsala ndi woliza wake. Nkhondo itafika, iwo anaopa kuti asilikali alisandutsa mphika. Analikwirira chapafupi ndi chulu, nawoloka mtsinje wa Ruo kuthawira ku Malawi mtima uli m'malo. Ati chulu chingapite kuti?

Mtendere utabwera, anzawo anathamangira kwawo. A Germano anatsalira ku Muloza, ati kudikira chinangwa chikhwime, ngakhale ena amati chinangwacho chinkavala mpango ndipo chinkagulitsa zitumbuwa. Pofika anapeza sukulu yamangidwanso, ya njerwa zowotcha. Nanga kuno sadziwa ndani kuti njerwa yolimba ndi ya dothi lapachulu? Chulu chawo chinali chitasanduka khoma la kalasi yoyamba, bwalo lonse lili see.

Anawapatsa chitsulo cha tayala la lole, chopachika mumtengo wa mango, kuti aziliza.

"Ili ndi belu ili? Kulira ngati mbale yagwa m'manja mwa mpongozi!" amatero.

Basi, Loweruka lililonse khasu paphewa. Akazi awo, mayi Teresinha, analeka kalekale kuwanyengerera.

"Bambo a Lino, munda wathu uli tchire, inu mukulimira boma?"

"Taleka iwe, ndikulimva lili pompano."

"Mukulimva? Ine ndikakuitanani pakhonde pomwepa simumva!"

Apo mayiwo analasa pachilonda. Makutu a Germano akutsekeka chaka ndi chaka, ndipo chimene akufuna n'chimodzi: kulimvanso belulo asanagonthe.

Mkulu wa sukulu aliyense, amene kuno timati adiretori, ankayamba ndi kuwaletsa, kenaka n'kuchenjera. A pano, mayi Ester, ndiye akatswiri. Ana akachuluka, chimbudzi chikafunika, amangowayandikira mwaulemu: "Agogo, ndamva kuti chulu chija chinali apa." Pofika Lolemba dzenje lakuya kale. Sukulu yakula choncho, kuchoka pa zipinda ziwiri mpaka ana ochokera kutali ku Majaua panjinga, ndipo theka la chitukukocho ndi msana wa a Germano.

Chaka chatha kunabwera amisiri kudzakumba maziko a sekondale. Tsiku loyamba lomwelo piki inagunda chitsulo. Belu! Ndipo linali pansi pa mtengo wa mango womwe uja, pamene a Germano ankakhala akamapuma pokumba. Analira ngati mwana, akulipukuta dothi ndi malaya.

Asanapeze n'chogogodera chomwe, njinga yamoto ya apadiri a parishi inatulukira. Ati belu ndi la mpingo. Mayi Ester ati lapezeka m'nthaka ya boma. Anakangana mwaulemu, Chipwitikizi chokhachokha, mpaka anagwirizana chinthu chimodzi: kulitsekera m'chipinda chosungira makasu, maloko awiri, aliyense kiyi wake.

"Mungondilola ndiligogode kamodzi," anapempha a Germano.

"Nkhani ili kwa akuluakulu ku Milange, agogo," anatero mayi Ester.

"Mwati?"

"Ku Milange!"

Mvula yagwa, yatha, nkhani ikadali ku Milange. Masiku ano mayi Teresinha amawaitana powagenda ndi chitsononkho. M'mawa a Germano amayamba asuzumira pazenera la chipinda chija, kenaka n'kupita pamtengo wa mango kukamenya chitsulo cha lole mwaukali mpaka mbuzi kubalalika. Ana amatseka makutu. A Germano amangoona chitsulocho chikugwedezeka.