Tinapangana zoti sitikumudziwa

Mng'ono wanga amamutcha Kanyerere mumsika monse. Dzinali anamupatsa ndi amayi ogulitsa nsapato zakale pafupi ndi benchi yathu, atamuona ali kamtsikana akusenza mulu wa mabeseni womuposa msinkhu. Mayi athu atamwalira ndinamulera ndine, pakati pa mabeseni, zidebe ndi makapu apulasitiki amene ndimagulitsa. Atamaliza sekondale ntchito inasowa, ndiye ndinangomugawira mbali ina ya benchi.

Vuto la mwanayu linali pakamwa. Mafunso! Ambirife mumzere wathu tinali m'magulu a bungwe lina lobwereketsa ndalama kwa a mabizinesi ang'onoang'ono. Alangizi ake ankabwera pa njinga zamoto, ndipo sankakhalitsa. Ukangozolowera nkhope ya uyu, kwabwera wina. Tsiku lina mvula ili mkati, msika uli matope okhaokha, ogula kulibe, Kanyerere anafunsa mlangizi chifukwa chimene kabwezedwe ka miyezi yamvula kamafanana ndi ka miyezi imene malonda amayenda.

"Zimenezo anakonza ndi anthu ophunzira, mayi," anatero mlangiziyo akuliza njinga.

"Anaphunzira kuti?"

Iye anaseka n'kumapita. Mng'ono wanga sanaseke. Anafufuza mpaka anapeza koleji ina yophunzitsa za kayendetsedwe ka ngongole zing'onozing'ono ndi chuma cha mabizinesi ngati athuwa. Makalasi ake anali a Loweruka.

"Loweruka! Tsiku lenileni la malonda! Mutu wako ukuyenda bwino iwe?" ndinakalipa.

Koma mzere wonse unandigonjetsa. Amayi a nsapato anati aziyang'anira mbali yake ya benchi. Bambo ogulitsa maloko, amene timangowatcha a Maloko, ankamubwereka foni yawo yaikulu kuti aziwerengerapo manotsi. Aliyense ankati, "Apite, tikhale ndi wathu kumeneko."

Akabwerako madzulo ankakhala pa chidebe, ife titamuzungulira tikulongedza katundu.

"Lero atiphunzitsa kuti ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo zisamagone m'thumba limodzi."

"Iii, mpaka kulipira fizi kuti akuuze zimenezo?" anatero amayi a nsapato. "Bwanji osandipatsa ine fiziyo?"

Tinkaseka, koma makutu tinkatchera. Ndi iyeyu anatimasulira kusiyana kwa chiwongoladzanja cha pamwezi ndi cha pachaka, chinthu chimene tinkangovomera ndi mutu kuopa kuoneka mbuli. Anatiuzanso kuti gulu la anthu ogulitsa katundu wofanana ndi loopsa, chifukwa malonda akagwa mumagwera limodzi, wodzutsa mnzake osapezeka. Maso ake ankawala akamanena zimenezi. "Asisi, ndikamaliza ndidzabwera konkuno," ankatero. "Mudzakhala ndi mlangizi wodziwa pamene denga la mzere uno limadontha."

Anakhoza, ndipo bungwe lomwe lija linamulemba ntchito. Tinavina mumsika mpaka ogula kudabwa. Chimwemwe chathu sichinagone. Anamutumiza kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Lamulo la ntchitoyo linali lakuti mlangizi asagwire kumene kuli abale ake kapena anzake, poti manyazi ndi chisoni zingamugwire dzanja pa nthawi yotolera.

"Ndiye tinkavutikira anthu ena ife?" ndinamufunsa. Mawuwo anali owawa, koma nanenso mtima unkandiwawa.

Kuyambira pamenepo moyo wake unakhala wa pamsewu. Kulikonse kumene wapita, amayi akumeneko akangoyamba kumutcha "mwana wanga" ndi kumusungira tiyi, basi, amusamutsa. Mwamuna wina wabwinobwino anamudikira, anadikira, mpaka anakwatira wina. Ndinapitako kamodzi kukamuona. Kachipinda ka lendi, matiresi pansi, makatoni osamasula pakona, nsapato zantchito zitatha kumbali imodzi chifukwa cha kuyenda. Pakhoma popanda ngakhale kalendala.

"Ndikhomerenji msomali, asisi? Mawa andichotsa."

Ntchito yake amaikonda, zimenezo sindinganame. Akayamba kufotokoza za mayi wina amene anayamba ndi makina amodzi osokera n'kufika polemba anzake ntchito, sumuletsa. Koma masana ena ankaimba foni n'kunena kuti, "Musalankhule, asisi. Ingoikani foniyo pa benchi." Ndinkaiika pamenepo, iye n'kumamvera phokoso la mzere wathu: a Maloko akukangana ndi wogula, amayi a nsapato akuitanira malonda, mabeseni akugundana. Kenako ankadula osatsanzika. Abale, mwana ameneyu ndinkamusowa mpaka chakudya kundikanika.

Patapita zaka, malo anapezeka pa ofesi yawo ya pafupi ndi msika wathu. Nzeru inachokera kwa ine, ndipo sindikuchita nayo manyazi. Ndinamuuza kuti apemphe malowo, anene kuti kuno anangobadwirako, anachoka kalekale, sadziwa munthu. Anakana, ndinamuumiriza, anavomera. Chotsala chinali chimodzi: bwana wa ofesiyo adzayenda naye mumsika kumuonetsa kwa magulu. Munthu mmodzi yekha akangomukumbatira, zonse zada.

Ndinayenda benchi ndi benchi kupangana ndi anthu.

"Ine ndimutche madamu mwana amene ndinkamupukuta mamina?" anadandaula amayi a nsapato.

"Mukangoyerekeza kumumwetulira, nsapato zanuzi ndikazitaya m'ngalande," ndinawauza. "Mukufuna abwere kapena ayi?"

Onse ankafuna. Mpaka tinayeserera, a Maloko akukhala Kanyerere, akuyenda monyang'wa ndi kachikwama kukhwapa, ife tikuuma nkhope.

Tsikulo anafika m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Bwanayo anali mayi wamagalasi, wolankhula mofatsa. Pambuyo pake, mng'ono wanga, atavala malaya a bungwe. Mayo ine, mmene anaondera! Khosi lonse mafupa. Manja anga ankafuna kumugwira, ndiye ndinawapatsa ntchito yopukuta beseni loyera kale.

Mzere wathu unagwira ntchito, ndithu. A Maloko anapereka moni maso ali pa maloko awo. Amayi a nsapato anatsokomolera m'nsalu, n'kunena kuti chimfine chawavuta. Palibe anaphonya. Kenako anafika pa ine.

"Amayi awa ndi akale m'magulu athu," anatero bwanayo. "Muzionana nawo mlungu uliwonse."

Ndinaimirira. "Takulandirani, madamu. Mutithandize bwino ngati anzanu aja."

Mawu anga sananjenjemere ngakhale pang'ono. Mumtima ndinati, tawina. Koma iye anangoima, kundiyang'ana. Ndinamutsinzinira diso kuti adutse. Osasuntha.

"Bwana," anatero, "awa ndi asisi anga. Anandilera ndi iwowa. Mzere wonsewu ukundidziwa."

Amayi a nsapato analira mokweza, poti panalibenso chobisa. Bwanayo anavula magalasi, anawapukuta, n'kunena motsitsa kuti, "Mwachita bwino kunena." Malo aja anapatsa munthu wina mlungu womwewo, ndipo Kanyerere anamutumiza kutali kuposa kale.

Ndinamuperekeza kokwerera basi nditafufuma ndi mkwiyo. Atakhala pampando wa pawindo m'pamene ndinaphulika.

"Chitsiru iwe! Tinali titamaliza! Bwenzi pano ukugona m'nyumba mwanga, ukudya chakudya chotentha. Chinakulowa n'chiyani?"

"M'nyumba mwanu ndikanalowa bwanji, asisi, anthu akuona? Ndikanamadutsa pa benchi yanu ngati mlendo, inu n'kumaimirira." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Kutali kuja ndikaimba foni mumandikalipira, ndimadziwa kuti ndili ndi kwathu. Kuno mukanandipatsa ulemu mpaka liti?"

Ndinangopitiriza kukalipa. Ndinamunena za kuonda, za tsitsi losapesa bwino, za kuuma mutu kwake kuyambira ali mwana. Ndinamukalipira mpaka basi inanyamuka, ndikuyenda m'mbali mwake, iye atatsamira pawindo akumvetsera mawu aliwonse, osafuna kuti limodzi limudutse.