Chigoba cha Amayi ndi Madzi a Pampopi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pakhomo pathu ku South Bend, ku Indiana, panali magalimoto awiri. Ya bambo inali yaikulu, yakuda, ya ku Ulaya, ya mipando yachikopa imene inkatentha yokha munthu akakhalapo. Anaigula pa okushoni, ndipo Lamlungu lililonse ankaiimika pafupi ndi khomo la tchalitchi kuti Amalawi anzathu aione bwinobwino. Ya amayi inali yaing'ono, yotuwa, ya ku Japan, yaikulu kwa ine pa zaka. Dzimbiri linali litadya m'mphepete mwa matayala chifukwa cha mchere umene amawaza m'misewu nthawi ya sinowo. Wailesi yake inkagwira siteshoni imodzi, ndipo chitseko chakumbuyo chinkatseguka pokhapokha utachikankha ndi bondo. Bambo ankaitchula kuti chigoba. Ine, pepani, ndinali mbali yawo. Amayi akamabwera kudzanditenga kusukulu ndinkawachonderera kuti aziima kuseri kwa bwalo la mpira, anzanga angandiseke.

Chigobacho amayi anawapezera ndi alongo awo, amalume anga a Kondwani, amene anali makaniko pa galaja ina ku Lawrence, mbali ya Indianapolis. Tsiku lina m'mwezi wa Juni anabwera kudzationa, ndipo bambo anawatengera panja kuti akawaonetse chuma chawo. Amalume anaizungulira galimotoyo manja ali m'thumba, osatengeka nayo n'komwe.

"Alamu, yokhalitsa si imeneyi ayi," anatero. "Ine ndimaziona tsiku ndi tsiku. Zimene zimakalamba zikuyenda ndi izi zing'onozing'ono za masilinda anayi, zopanda tabo yoonjezera mphamvu ya injini, zopanda makompyuta ambirimbiri, kapena mapikapu akale a mtundu womwewo. Oilo pa nthawi yake, kulanti, mpweya m'matayala, basi. Izi zanuzi zikadwala zimafuna dokotala wake, ndiye dokotalayo mpaka kumubukitsa pasadakhale."

Kenako anagwada n'kuloza timadontho tobiriwira pa simenti. Anati galimotoyo inkadontha kulanti, madzi apadera aja oziziritsa injini amene saundana kukazizira. "Muipititse akaikonze. Ndipo musathiremo madzi a pampopi. Kuno si ku Limbe, madzi amaundana m'injini momwemo."

Bambo anaseka kuseka kwawo kuja kopanda chimwemwe. "Ine ndayendetsa minibasi ya ku Bangwe zaka khumi ndi madzi a m'chigubu. Lero mundiphunzitse inu za madzi?"

Mawa lake bambo anandipatsa ntchito. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkatunga madzi mu jagi ya kukhitchini, kutsegula boneti ya galimoto yakudayo ndi kudzaza kathanki mpaka pa mzere. Ndinkaikonda ntchitoyo, ndisaname. Inali ntchito yokhayo imene bambo ankandiyamikira nayo. Miyezi inapita, zobiriwira zija zinkacheperachepera, mpaka m'kathankimo munatsala madzi oyera mbee onga akumwa.

Amayi nawo anali ndi mwambo wawo. Ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo Loweruka lililonse, kaya atopa bwanji, ankatsegula boneti ya chigoba chawo n'kundiitana. Ankasolola kandodo koyezera oilo, kukapukuta ndi kansanza, kukabwezeramo, kukasololanso, n'kundionetsa pamene oilo walekezera. Ankayeza mpweya wa matayala onse, ngakhale la sipeya. Ankapala zoyera za pa batire ndi mswachi wakutha. Petulo sankamulola kutsika kupitirira theka la thanki. Ankapaka galimotoyo chobwerera m'mbuyo, mphuno ya galimoto italoza kumsewu, ndipo bambo akaimika yawo kutsogolo kwa chigobacho amayi ankapeza chifukwa chilichonse choti aichotse. Kiyi wawo sankakhala pa msomali ndi makiyi ena. Ankakhala m'thumba la chovala chimene avala tsikulo. Ine zonsezi ndinkangoziona ngati nkhawa za munthu woyendetsa chinthu chakutha.

Za dzanja la bambo sindizungulira. Ankamenya. Ankamenya amayi nyumba ili chitsekere, wailesi yakanema ataikweza. Akuluakulu a mpingo anabwera kawiri, anakhala pabalaza, anamwa tiyi, anapemphera, n'kuwauza amayi kuti banja ndi kupirira ndipo nkhani za m'nyumba zisafike kwa apolisi a kuno. Amayi ankavala malaya a manja aatali ngakhale mu Julayi.

Kenako kunabwera Januwale wa 2014. Amene anali ku Indiana chaka chimenecho akudziwa. Kunazizira koti ukatuluka panja m'mphuno munkauma pomwepo, masukulu anatseka, ndipo sinowo anakwirira mpanda wathu. M'mawa wina bambo anatuluka kuti azipita ku shifiti yawo ku fakitale. Ndili kukhitchini ndinamva galimoto yawo ikulira kanthawi kochepa, kenako kulira kwina koswa m'makutu, kenako phokoso la chinthu choduka, kenako zii.

"Tadala!"

Ndinatuluka ndi zovala zogonera ndi masilipasi. Boneti inali yotsegula. Kathanki kanga kaja kanali katang'ambika pakati, m'kati mwake muli chibuma cha ayezi. Lamba wa injini anali lendelende, ndipo pambali pa injini yeniyeniyo panali mng'alu wautali ngati chala changa. Madzi anga onse aja anali ataundana usiku n'kuphulitsa chitsulo.

"Wathira madzi muno ndani?"

"Ndine, adadi. Munandiuza kuti..."

Sindinamalize. M'manja mwawo munali nthambo zojampira batire, zija zofiira ndi zakuda zokhala ndi mano achitsulo kumapeto. Koyamba zinandipeza paphewa. Kachiwiri mano aja anang'amba pamwamba pa diso langa lamanzere, ndipo ndinagwa chagada m'sinowo. Sindinamve kuwawa nthawi yomweyo, ndinangomva kutentha kukutsikira m'khutu. Ndinaona magazi anga pa sinowo, ofiira kuposa mmene ndinkaganizira kuti magazi amafiirira. Anapitiriza. Kumsana, m'miyendo, pamkono umene ndinatchinga nawo kumaso. Ankanena mawu amodzimodzi, akuti ndawaphera galimoto, ndawaphera galimoto, ndipo ine ndinkapepesa. Mpaka lero chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ndinkapepesa.

Amayi anatuluka opanda nsapato. Sanakuwe. Anangolowa pakati pathu n'kugwira nthambozo ndi manja awiri. Bambo anazisiya n'kuwamenya chibakera pakamwa, china padiso, n'kuwakankhira pa galimoto yakufayo mutu wawo n'kugunda pa chitseko. Amayi anatsetsereka n'kukhala pansi, akulavula magazi ndi chidutswa cha dzino. Msewu wonse unali duu, aliyense atadzitsekera m'nyumba chifukwa cha chisanu.

Bambo anaima akupuma mwawefuwefu, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Anayang'ana wotchi. "Ndikaimbe kaye kuntchito. Mundidikire pomwepo, sindinathane nanu."

Chitseko chitangotsekeka, amayi anadzuka. "Lowa m'galimoto," ananong'ona. Anapisa dzanja m'thumba la juzi imene anagona nayo, ndipo kiyi anali momwemo.

Chigobacho chinali chitagona panja usiku womwewo, m'chisanu chomwecho chimene chinapha galimoto ya ku Ulaya. Amayi anapotokola kiyi. Injini inang'ung'udza pang'onopang'ono, ngati munthu amene akukana kudzuka, n'kusiya. Anapotokolanso. Chimodzimodzi. Ine maso anali pa chitseko cha nyumba, ndipo ndinachiona chikutseguka. Bambo anatiyang'ana, anamvetsa, n'kutola fosholo yochotsera sinowo imene inali pakhonde.

"Amayi, akubwera."

"Ndawaona."

Amayi anadikira. Sindidziwa kuti mtima umenewo anautenga kuti, koma anadikira kamphindi kuti batire ipume, monga amalume anawaphunzitsira. Atapotokola kachitatu, chigoba chinatsokomola, chinanjenjemera thupi lonse, n'kulira.

Fosholo inatipeza tikutuluka pageti. Galasi lakumbuyo linaphulika, timagalasi n'kundigwera m'khosi ndi m'tsitsi. Nditacheuka ndinaona bambo akutithamangira pakati pa msewu, akuterereka, akutukwana, fosholo ili m'mwamba. Anagwa, anadzuka, anathamanganso. Pa mphambano anaima. Analibe chotitsatira nacho.

Ulendo wa ku Indianapolis pa msewu wa 31 ndi wa maola osakwana atatu. Ife tinayenda asanu. Mphepo inkalowera kumbuyo n'kumatimenya m'makosi, koma hita ya chigoba inkapuma moto kumapazi a amayi opanda nsapato aja. Titadutsa Plymouth anaima pa malo omwetsera petulo, osati kudzamwetsa, poti thanki inali ndi wokwanira, koma kudzapempha katoni ndi tepi zotsekera galasi. Mayi wa m'sitolo ya pamalopo atationa nkhope anafuna kuimbira apolisi. Amayi anamuuza kuti aimba okha akafika kwa alongo awo, ndipo mayiyo anavula masokosi ake n'kuwapatsa. M'mbali mwa msewu tinkadutsa magalimoto atsopano onyezimira atafa, ena atagwera m'ngalande. Amayi ankayendetsa ndi diso limodzi, linalo litatupa n'kutsekeka. Njira yonse anandilankhula kamodzi kokha. Anati ndizipanikiza mpango pachilondapo, ndipo ndiziwayang'anira kasingano ka kutentha kwa injini, kakakwera ndiwauze. Sikanakwere.

Ku Lawrence amalume anatsegula chitseko, anatiyang'ana, nkhope yawo n'kugwa.  Anatitengera kuchipatala kumene anandisoka pamwamba pa diso, ndipo kumeneko amayi analankhula ndi apolisi, Chingerezi chawo chikutuluka movutikira pa milomo yotupa. Zimene zinatsatira ndi nkhani ya makhothi ndi mapepala. Bambo sitinakhalenso nawo.

Madzulo a tsiku lomwelo amalume anatenga tsache kuti akasese magalasi m'chigoba, ine n'kuwatsatira. Amayi anabwera pambuyo pathu atafunda bulangete. "Achimwene, tatukulani tayala la sipeyalo," anatero.

Pansi pa tayalalo panali jumbo yakuda yomangidwa bwino. Munali mapasipoti athu awiri, mapepala anga akusukulu ndi akuchipatala, satifiketi ya ntchito ya amayi, ndi zovala zosinthira. Amayi anandipatsa diresi kuti ndivule zamagazi zija. Ndinaizindikira. Inali diresi yanga yachikasu imene ndinaifunafuna kalekale mpaka kulira, amayi n'kundiuza kuti mwina inasowa kochapira. Ndinayesa kuivala, koma sinadutse m'mapewa. Inali ya mwana wa zaka khumi.

Chigobacho chinayendanso zaka zisanu ndi chimodzi. N'chimene ndinaphunzirira kudiraiva m'misewu ya ku Lawrence, ndipo pamene tinkachisiya injini inali ikulirabe bwinobwino, kungoti dzimbiri linali litaboola pansi mpaka msewu kumaoneka. Lero anzanga obwera kumene kuchokera kumudzi akandifunsa galimoto yoti agule, ndimawauza zomwe zija za amalume: yaing'ono, yosavuta, ya masilinda anayi, oilo pa nthawi yake, ndipo jagi ya kukhitchini isayandikire injini. Ena amaseka, amati ndimalankhula ngati makaniko wokalamba. Aziseka.

Chimene sindiwauza n'chimene ndinachimvetsa mochedwa. Kwa zaka ziwiri, Loweruka lililonse, amayi ankayeza mpweya wa tayala la sipeya akudziwa chimene chili pansi pake. Analibe mphamvu zoletsa dzanja la bambo, analibe wowamvera kumpingo, ndipo tsiku lochoka sankalidziwa. Chimene akanatha chinali kuonetsetsa kuti tsikulo likadzafika galimoto idzalire. Ine ndinkachita nayo manyazi galimoto imeneyo, mpaka kumawabisa kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo iwo ankaima kumeneko osadandaula.

Chipsera chija chikadalipo pamwamba pa diso. Ndili ndi nyumba yanga tsopano ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, ndipo mulibe munthu woti ndimuthawe. Koma ndikafika madzulo ndimapakabe chobwerera m'mbuyo, mphuno italoza kumsewu. Amayi atabwera kudzandiona koyamba anaima pawindo n'kuiyang'ana galimotoyo nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwanawe, ukhoza kumangolowa chamutu. Zinatha zija."

Ndinawayankha kuti ndamva. Mawa lake ndinapakanso chimodzimodzi.