Mthiko wa Mayi Kanyimbi

Apongozi anga anafulula mowa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo sanagulepo yisiti ngakhale kapaketi kamodzi. Anthu ankawatchula kuti Mayi Kanyimbi chifukwa cha fungo la mowa wawo. Iwo dzinalo sankadana nalo. Ankati kanyimbi ndi kanyama kochepa, koma palibe galu amene anakumana nako n'kukaiwala.

Nditangokwatiwa ndi mwana wawo wamwamuna, ndinalowa m'chisakasa chofululira kuseri kwa nyumba n'kugwira mphuno. Munkamveka fungo la gwafa wogwa yekha, losakanikirana ndi la chikopa chonyowa ndi la khola la mbuzi mvula ikangokata. Munali madilamu awiri odula pakati, mbiya zinayi, masaka a chimera ndi zenera limodzi lopanda galasi. Pamsomali panali mthiko wautali ngati mwana wa zaka khumi, wakuda bii, wong'aluka kumutu. M'ming'alumo munali zinthu zouma zotuwa zimene ine ndinkaziona ngati litsiro.

"Chotsani dzanja pamphunopo," anatero. "Fungo limeneli ndi limene linalera mwamuna wanu."

Mthikowo anasema ndi malemu amuna awo, amene anali kalipentala. Chaka chimene apongozi anayamba kufulula, mowa unkawakana kuwira. Tsiku lina anaiwala mbiya ya phala la chimera pansi pa mtengo wa magwafa, osavundikira. Patapita masiku atatu anapeza phalalo likuchita thovu lokha, likutulutsa fungo limene anali asanamvepo. Anaviikamo mthiko n'kukavundulira mbiya ina, nayonso inawira. Tinthu tamoyo timene tinagwera m'phala lija tinamanga mudzi m'ming'alu ya mthikowo, ndipo apongozi ankatitchula kuti ana awo. Mowa ukapsa ankaviika mthiko mu nsenga za pansi pa mbiya n'kuupachika kuti uume. Sunkatsukidwa. Mtengo wa magwafa unadulidwa pokulitsa msewu, kalipentala anamwalira, koma mthiko unkawiritsabe mowa.

Masana, pabenchi la kutsogolo kwa chisakasa pankakhala anthu omwewo tsiku ndi tsiku. Osaphonya anali atelala ndi bambo wokonza njinga.

"Mayi Kanyimbi, lero mwathiramo masokosi a ndani?" ankafunsa wokonza njinga.

"Anu omwe, achimwene. Munawaiwala pano sabata yatha, ayenda okha mpaka m'mbiya."

Atelala ankayamba anunkhiza kapu nthawi yaitali asanamwe. "Mowa wa kwina umakugwira miyendo usanaudziwe dzina," ankatero. "Uwu uli ndi mwambo, umayamba wakupatsa moni."

Ine sindinkalankhula pagulu. Ndinkangotsuka makapu, mwana ali kumsana. Koma apongozi anaona kuti ndikafika pambiya ndimaima pang'ono.

"Make mwana, mukumva chiyani mmenemo?"

"Gwafa, amayi."

"Kenako?"

"Mbuzi, koma ili kutali."

"Ikayandikira mpaka kulingana ndi gwafa, mundiitane tisefe. Ikapitirira, tataya."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkanunkhiza mbiya mmawa uliwonse. Sanandiyamikirepo, koma anasiya kunditsatira m'mbuyo, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kuyamika.

Mwana wawo woyamba, alamu anga, amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala ndipo ali ndi nyumba ya simenti yonunkhira sopo. Iwo mowa umenewu anadana nawo ali kamtsikana. Kusukulu anzawo ankasuntha benchi, ankati yunifolomu ya mwana wa kanyimbi ikutsamwitsa. Zimenezi sanaziiwale. Nthawi zonse akabwera kudzacheza nkhani inali imodzi.

"Amayi, mwakalamba. Chipinda kwathu chikungokhala. Tiyeni mukapume."

"Ndipite, ana angawa ndisiyire ndani? Mthiko ukagona miyezi iwiri osalowa m'phala, atha onse."

"Ana anu ndife, amayi, osati ndodo."

"Inu mumadya nokha. Awa amadikira ine."

Chomwe chinkawasunga apongozi pakhomo pawo chinali mthikowo basi. Tonse tinkadziwa, alamu ankadziwanso.

Mmawa wina apongozi anagwa pafupi ndi dilamu. Dzanja lamanzere linafa, pakamwa panapindika. Mwamuna wanga amayendetsa lole ndipo anali kutali, choncho ndinathamanga ndine kukafuna galimoto. Tikuwakweza anandigwira mpendero wa diresi ndi dzanja labwinolo. Mawu ankatuluka molemera, koma ndinawamva onse.

"Mthiko. Madzi asaukhudze. Mwamva, make mwana?"

"Ndamva, amayi."

Anagona kuchipatala masabata atatu. Loweruka la sabata yachiwiri alamu anafika ndi ndowa ziwiri, botolo la kolorini, burashi ndi thumba la laimu. Anamanga mpango kumphuno n'kulowa m'chisakasa.

"Munthu wodwala sangabwerere m'dzala ngati ili," anatero. "Lero tiyeretsa."

Anayamba ndi mbiya. Anathiramo madzi otentha ndi kolorini n'kuzikwecha mpaka dothi linaoneka lofiira. Makoma anapaka laimu. Ine ndinkatunga madzi, ndikupemphera kuti asayang'ane pamsomali. Anayang'anapo.

"Ichi ndiye chimbudzi chenicheni. Anthu amamwa zovundulidwa ndi ichi?"

"Alamu," ndinatero, "amayi anati..."

"Anati chiyani?"

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, mmene amayang'anira munthu amene wabwera kusitolo popanda kalata ya dokotala. Iwo anaphunzira, ine ndinalekezera sitandade sikisi. Iwo ndi mwana wa pakhomo, ine ndinangobwera ndi chikwama. Mawu ndinali nawo, anafika mpaka pammero. Mwana anayamba kulira kumsana ndipo ndinayamba kumugwedeza ngati kuti ntchito yofunika inali imeneyo.

"Palibe, alamu."

"Chabwino. Inu muli ndi manja amphamvu. Tengani kawaya kotsukira mapoto mupale."

Ndinapala. Palibe amene anandigwira dzanja. Ndinauviika m'ndowa ya kolorini, madzi anada ngati tiyi, ndinawataya n'kutunga ena. Alamu anandipatsa msomali kuti ndikolokose m'ming'alu, ndipo ndinakolokosa. Pansi pa kuda konse kuja mtengo unali woyera, ndipo pachogwirira panaonekera timizere ta mpeni wa kalipentala, ngati wasema dzulo. Alamu anayang'ana timizereto kanthawi, kenako anati ndikauyanike padzuwa.

Tsiku limene apongozi anatuluka m'chipatala anaima pageti, atatsamira mwana wawo wamwamuna, n'kukweza mphuno. Anakoka mwendo mpaka kuchisakasa n'kuima pakhomo.

"Mwaona, amayi?" anatero alamu. "Tinathandizana ndi alamu angawa. Mthikowo anapala ndi iwo, taonani kuyera kwake."

Apongozi anautsitsa pamsomali n'kuununkhiza kumutu, pakati, mpaka kuchogwirira. Anaupachikanso. Sanandiyang'ane, ndipo ndikanakonda akanandimenya nawo.

Sanagonje msanga. Atangoyamba kuyenda ndi ndodo anandiuza kuti ndiphike phala la chimera, popeza dzanja lawo silinkathanso kunyamula. Tinavundula ndi mthiko woyerawo. Phala linangokhala phee masiku anayi, kenako linachita chuku. Ndiye anayamba kusaka ana ena. Ankandituma kukaika timbale ta phala pansi pa mtengo wa mango, padenga, pazenera, ngakhale kuseri kwa benchi la mayi wogulitsa zipatso. Tsiku lachitatu ndinkabwera nato, iwo n'kumanunkhiza kamodzikamodzi. Kena kanamera ubweya wobiriwira. Kena kanasasa ngati viniga. Kena kananunkha ngati khoswe wofera m'denga. Kamodzi kokha kanachita thovu labwino, ndipo ndinathamanga nako.

"Mukumva chiyani?" anandifunsa.

"Buledi, amayi."

"Gwafa?"

"Mulibe."

"Katayeni."

Tinayesa miyezi iwiri. Mwamuna wanga anatopa kuona mayi ake akununkhiza zoola, anabweretsa paketi ya yisiti ya m'sitolo. Mowa unawira tsiku limodzi lokha, thovu mpaka kusefukira. Anthu a pabenchi anabwera atamva kuti Mayi Kanyimbi afulula. Atelala ananunkhiza kapu, anamwa pang'ono n'kuyang'ana pansi.

"Ndi mowa ndithu, mayi," anatero. Anasiya theka, akuti ali ndi thalauza la munthu lofunika kumaliza.

Wokonza njinga anamwa yake yonse, anathokoza mwaulemu ngati ali pamaliro, ndipo za masokosi sanatchule. Apongozi anadikira nthabwalayo mpaka munthuyo anatuluka pageti. Sanafululenso.

Alamu atabweranso ndi nkhani ya chipinda, apongozi anangofunsa kuti galimoto ibwera liti. Zaka makumi atatu ndi zinayi zinakwana m'zikwama ziwiri. Mmawa wa tsikulo, alamu akulongedza, ndinawapeza apongozi atakhala pabenchi okha. Ndinagwada pafupi, mwana ali m'manja.

"Amayi, ndinalakwa. Ndinkafuna kunena."

"Ndikudziwa kuti munkafuna."

"Ndipitiriza kuika timbale. Mwina tsiku lina..."

"Mtengo uja anadula, make mwana. Mwini mpeni anapita." Anapukuta mate pambali pa kamwa yopindikayo. "Mlamu wanu sindimudandaula, iye fungoli linamuzunza ali mwana ndipo sanabisepo. Ndinauza inu chifukwa inu munkamva gwafa. Mphuno muli nayo. Pakamwa ndiye mulibe."

Anagwira tsaya la mwana ndi dzanja labwinolo, kenako anaitana alamu kuti awadzutse.

Tsopano amakhala m'chipinda cha makatani oyera. Ndikapita kukawaona ndimawapeza pampando pafupi ndi zenera, atasambitsidwa, atadzola mafuta onunkhira. Amafunsa za mwana, ngati wamera mano, ngati akuyenda. Za timbale safunsa, ngakhale amamva fungo la chimera m'manja mwanga. Alamu amati mayi awo anenepa, ndipo n'zoona.

Mthiko sanautenge. Galimoto isananyamuke tsiku lija ndinathamanga nawo, ndipo apongozi anapukusa mutu. Alamu anasuzumira pazenera n'kunena kuti ndisautaye, ndi mtengo wolimba, ungandithandize kuvundulira matewera ndikamawaviika m'madzi otentha.