Mizere 7 ya Milamba 13

Amene anandiwonongera tsogolo ndi aphunzitsi a masamu a sitandade 7, kwathu kwa Ndamera. Tsiku lina analemba 91 pa bolodi, nati iyi ndi pulayimu, ndiye kuti nambala yosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Chifukwa chawo chinali chakuti siithera ndi 5, komanso 2 ndi 3 salowamo.

Ine ndinaimika mkono. Waya wowambira nsomba wa bambo anga ankadzaza ndi mizere 7 ya milamba 13, ndipo ndinali nditaiwerenga kambirimbiri: 91, popanda wotsala. Ndinanena zimenezo.

Kalasi lonse linaseka. Aphunzitsiwo anati, "Iwe wonunkha utsi, ukufuna undiphunzitse ine?" Ndodo inanditera kumsana katatu. Kachinayi ndinailanda n'kuithyola pabondo. Anandichotsa sukulu sabata yomweyo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatola choko kuti aone ngati 7 amalowadi.

Lero ndimapalasa kabaza pa Bangula, dzuwa likundiwotcha pamutu, maondo akuwawa ngati a nkhalamba. Ena mwa anzanga amene anakopera bodza lija m'makope mwawo pano ndi anamwino. Mwezi watha aphunzitsi aja, imvi zili mbuu, anakwera njinga yanga osandizindikira. Ndinapalasa mpaka pamsika, mtima ukuwira. Atatsika ndinawagwira mkono.

"Aphunzitsi, ndine uja munamuthamangitsa. Ndinakhoza ndine, munalakwa ndinu. Koma taonani amene akupalasa mnzake."