Eriyo ndi Mango a Mayi Anga

Lero eriyo ya wailesi pa galimoto ya mdzukulu wanga yakana kulowa. Fungo la girisi amene akuipaka landibwezera kwathu ku Chiradzulu.

Ndili mwana, eriyo ya galimoto ya mzungu wa esiteti inakananso chomwechi, n'kukodwa mu nthambi ya mango amene malemu mayi anga anabzala m'mbali mwa njira.

"Agogo, bweretsani nkhwangwa tidule nthambiyi," anatero kapitawo wa pa esitetipo.

Agogo, amene ankandilera, sanadzuke pamphasa. "Si inu munalamula kuti wodula mtengo pa esiteti asamuke? Dulani kachitsulo kanuko."

Ine ndinakwera mumtengomo mwakachetechete, n'kukhala pa nthambi yomweyo. Dalaivala anathira mafuta pa eriyo, anaikankha, anatukwana. Mzungu analiza hutala.

Ndinakumbatira nthambi ija, nyerere zikundiluma m'ntchafu, mpaka galimoto inayamba kubwerera cham'mbuyo.