Chifuwa cha Fodya

Zimene ndinataya m'dzinja limenelo: mkazi wanga. Mwana amene anali m'mimba mwake, wa miyezi isanu. Fodya wa kuseri kwa tchalitchi, amene anaolera m'munda. Chizolowezi chovula chipewa galimoto ya bwana ikamadutsa.

Mkazi wanga anayamba kutsokomola tikusoka fodya m'chigafa. Ku Kapelula aliyense amatsokomola nyengo imeneyo, palibe amene amacheuka. Apongozi anga, mayi ake, anati n'chifuwa cha fodya. Ine ndinapita ku koleji. Ndinkadziwa kuti fodya saletsa munthu kumva fungo, ndipo mkazi wanga sankamvanso ngakhale la parafini.

Tsiku lachiwiri ndinatchula za chipatala.

"Aphunzitsi, mwatopa naye mwana wangayu?" anatero apongozi. "Kumeneko aliyense akumulemba korona kuti mabwana adyerepo. Mukufuna abwere m'pulasitiki?"

Ndinagonja. Ndinali mkamwini, pamudzi pa eni ake. Ndiponso ndikanawatsutsa ndi chiyani? Pa wailesi tinkamva za ndalama za mliri zothera m'maalawansi. Anthu amene ankatiletsa kusonkhana ndi omwe aja anatidzaza pabwalo la sukulu miyezi ingapo m'mbuyomo, akutigawira nsalu za chipani.

Tinamufukiza masamba a bulugamu, bulangeti atafunda kumutu. Masiku anayi. Masambawo ndinkathyola ndine.

M'mawa umene milomo yake inada, ndinaitana wa kabaza ya njinga yamoto osapempha aliyense. Ndinamukhazika pakati, ine kumbuyo. Apongozi anadzigwetsa pabwalo, nayamba kulira maliro munthu akadali moyo.

Anamwalira patapita masiku awiri, m'tenti ya odwala korona, ine ndili kunja kwa mpanda. Anabweradi m'pulasitiki. Adzukulu anakumba manda n'kukaima patali, m'mbali mwa chimanga, ndipo anamutsitsa ndi anthu ovala zoyera amene sankadziwa ngakhale dzina lake. Nkhope sitinaione. Amayi a kumpingo sanabwere kudzagona pasiwa. Amene ankandipepesa ankaima kutsidya kwa msewu, chitenje chili pamphuno.

Sabata yotsatira kunabwera munthu wina wandale ndi ndowa yosambira m'manja, yomatapo nkhope yake. Anaiika pakhomo panga, najambulitsa atandigwira paphewa. Mudzi wonse unathinana pabwalo langa kuti uoneke pachithunzi. Ndowayo ndimaikamo madeya a nkhuku.

Mpaka lero apongozi amati ndinakamupereka mwana wawo ndine. Ine ndimati ndinachedwa naye masiku anayi. Tikakumana kutchalitchi timapatsana moni waulemu, aliyense atanyamula mlandu wake.

Mkazi wanga anandisiyira mawu oti ndidzitetezere nawo, koma sindinawafikitse, chifukwa ndi bodza. Tsiku lomwe ndinafika naye kuchipatala, pakhomo la tenti, namwino atamugwira mkono, anacheuka. Ankapuma akanena mawu awiri.

"Bambo, mukawauze amayi kuti ndakakamira kubwera kuno ndine. Asakakukalipireni."